Nyimbo ya Chijeremani Pakhomo Lotseka

Amuna anga anasiya kuimba chaka chimene ntchito yawo inatha. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa anthu a kuno ku Dublin akamafotokoza nkhaniyi amathamangira pa maliro paja kuti aseke msanga. Amaiwala kuti tisanafike pamenepo ine ndinali ndi munthu m'nyumba amene ndinkamutaya pang'onopang'ono, maso akuona.

Ankayendetsa makina onyamulira katundu m'nyumba ina yaikulu yosungiramo zinthu ku Coolock. Risesheni, kugwa kwa chuma kuja, itafika, Dublin inakhala ngati khola lolowa chitopa, lero wagwa uyu, mawa uyo. Nyumba zatsopano zinangoima zosafolera, omanga atalongedza zida n'kupita. Tsiku lina abambo akwathuwo anabwera masana, nsapato zantchito zili m'jumbo, n'kukhala pampando osavula jekete. Sanakalipe, sanayambe mowa, sanaswe mbale. Bola akanatero, ndikanadziwa pogwira. Iwo anangotseka makatani.

Fulati yathu ku Ongar inali yapansi, chitseko chake choyang'ana pabwalo loimikapo magalimoto. Aliyense wodutsa akanatha kuona kuti mwamuna wamkulu ali pakhomo Lachitatu masana, ndiye makataniwo anatsekedwa osatsegulidwanso. Foni yochokera kumudzi ikalira ankaiyang'ana mpaka itatopa yokha. Mayi awo, achemwali awo, palibe amene anauzidwa. Kutchalitchi anasiya. Poyamba ankatulukako kukasaka ntchito, kenako nakonso anasiya. Ndinkachita mantha. Pobwera kuntchito ndinkaima kaye pakhomo, kiyi ali m'manja, kumvetsera ngati m'nyumbamo mukumveka ndi kutsokomola komwe.

Muyenera kudziwa kuti munthu ameneyu anali besi. Tinali ndi kwaya yathu ya Amalawi yoimba Misa ya Chichewa kamodzi pamwezi, ndipo Lachiwiri madzulo tinkakumana mu holo ya parishi kuphunzira nyimbo. Iwo akatsegula pakamwa kumbuyo kuja, benchi inkanjenjemera. Ine ndinakwatiwa ndi mawuwo, nkhope ndinachita kuiona pambuyo pake, ndipo ndimawauza pamaso. Tsono anzathu a kwaya akafunsa kuti abambo ali kuti, ndinkayankha kuti, "Sakupeza bwino m'thupi." Sikunali kunama kwenikweni. Ndinayankha choncho mwezi ndi mwezi, mpaka anthu anasiya kufunsa, n'kuyamba kumandigwira dzanja nthawi yaitali popatsana moni.

Ntchito yanga inapulumuka, chifukwa risesheni siletsa anthu kukalamba. Ndinkasamalira okalamba m'nyumba zawo. Mmodzi wa iwo anali agogo ena aatali a ku Lucan, obadwira ku Amereka, amene anabwera ku Ireland kalekale kutsata mkazi. Mkaziyo anamwalira, agogowo n'kutsala ndi chitsulo m'chiuno ndi pakamwa posatopa. M'mawa wina ndikusita malaya awo, ndikung'ung'udza alito yanga, ndinangomva kuti ngwiii kumbuyo kwanga. Kucheuka, agogo agwira kachitsulo konga foloko ya mano awiri pafupi ndi khutu.

"Mwatsika," anatero. Tinkayankhulana m'Chingerezi, koma ndikulemba monga zinkandifikira.

"Ndatsika kupita kuti, agogo?"

"Mawu anuwo. Munayamba bwino, koma pofika pa kolala munali mutatsika."

Zinandiwawa. Ine woimba alito kuyambira ndili kamtsikana ka ku pulayimale, kudzudzulidwa ndi munthu amene sokosi ndimachita kumuveka! Malaya otsalawo ndinasita ndili duu, ndipo kolala imodzi ndinaisiya ndi makwinya dala.

Koma agogo sanali munthu woti n'kumukwiyira mpaka mawa, chifukwa ankangoyankhulabe kaya wakwiya kaya ayi. Kafoloko kaja, kamene kamapereka liwu loyambira nyimbo, kanali ka agogo awo aamuna, amene anachoka ku Germany pa sitima ya pamadzi n'kukakhala mumzinda wina wa ku Amereka wa mafakitale ofulula mowa ndi osula zitsulo. Ankati Ajeremani akafika malo achilendo ankayamba ndi tchalitchi, kenako holo yoimbiramo, pogona n'kumaganiza pambuyo. Mu holomo munkakumana amuna okhaokha kamodzi pamlungu, ophika buledi, osula, ometa, n'kugawana mawu panayi popanda limba kapena ng'oma. Anali ndi mbendera yawo ya silika ya mphonje zagolide, yosungidwa m'kabati ya galasi. Akamaliza kuimba ankatsikira kuchipinda chapansi kukanyowetsa kukhosi, ndipo agogo ankati ena mwa anzawo ankadziwa bwino masitepe otsikawo kuposa nyimbo. Pakapita zaka, makwaya a mizinda yambiri ankakwera sitima ndi mbendera zawo kukakumana malo amodzi, kuimba mpaka mawu kusasa.

Kenako kunabwera nkhondo, Chijeremani n'kusanduka chiyankhulo cha mdani. Anthu aja anayamba kutseka mawindo poimba. Ena anasinthira ku Chingerezi, ena anangosiya. Bambo awo a agogowa anakakamirabe, agogowanso analowa gululo ali achinyamata, koma ana a m'badwo wotsatira analibe nazo ntchito. Akazi analoledwa kulowa m'gululo mochedwa, amuna otsala atachepa moti ndi mbendera yomwe inkawalemera. Holo inagulitsidwa. Agogo anatsala ndi kafolokoko ndi nyimbo zodzaza mutu.

"Ndiye Chijeremani mumayankhula?" ndinafunsa tsiku lina ndikuwaveka nsapato.

"Kuimba ndimaimba, osaphonya liwu. Koma mutakanditaya ku Germany sindingathe kufunsa njira ya kuchimbudzi."

Ndinaseka, koma kusekako sikunapite patali. Mwana wathu wamkazi ndikamuyankhula Chichewa amandiyankha Chingerezi, chikhalirecho nyimbo za Misa amaimba zonse pamtima.

Agogowo ku kwaya yathu sindinawaitane. Anadziitana okha, n'kubwera pa takisi Lachiwiri lina, ndodo m'manja, atavala tayi. Anakhala kumbuyo n'kumvetsera maso ali chitsinzinire. Titamaliza anati, "Mawu ndi okoma. Koma tebulo lanuli lili ndi miyendo itatu. Besi ili kuti?"

Besi inali itapita ndi risesheni. Wina anabwerera kumudzi, wina anawolokera ku Mangalande, wamkulu wawo n'kukhala uja wa kuseri kwa makatani. Tinkangokakamiza matena awiri kuti atsike, ndipo ankaimba chibwano chili pachifuwa, misempha ili tong'o.

Tikudikira takisi panja, ndinawauza zonse. Sindidziwa chifukwa chake ndinaululira mzungu wokalamba zimene ndinkabisira abale anga. Mwina n'chifukwa choti analibe nambala ya Mmalawi aliyense m'foni mwawo. Anamvetsera osandidula, zimene sizinkachitikachitika, kenako anafunsa tsiku lobadwa la amuna anga. Ndinati mwezi wa Novembala akukwanitsa zaka makumi asanu. Maso a agogo anawala ngati a mwana woona masiwiti. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Ku holo kwawo kuja kunali mwambo, ndipo unali ndi dzina la Chijeremani limene lilime langa linalikana. Mmodzi wa oimba akakwanitsa zaka zazikulu, anzake ankapita kunyumba kwake m'mamawa osamuuza, atavala majekete awo akuda a ulemu, n'kuima pakhomo n'kuyamba kuimba. Malamulo ake anali osavuta. Simugogoda. Nyimbo simuidulira pakati, kaya kugwe chiyani. Ndipo simuchoka mpaka mwini wakeyo atatsegula yekha chitseko, n'kukulowetsani, n'kukupatsani chakumwa.

"Nanga akapanda kutsegula?" ndinafunsa.

"Mumayambiranso. Bambo anga anakanganapo ndi gulu lonse n'kusiya kupita ku holo. Anawaimbira kunja kukugwa chisanu choyera chija. Anatsegula akutukwana, koma anatsegula. Munthu sangagone anzake akuuma pakhomo pake chifukwa cha iye."

Anzanga a kwaya ndinangowauza kuti tikawasangalatse odwala aja pa tsiku lawo lobadwa. Onse anavomera. Agogo anaumirira kuti nyimbo ikhale ya Chijeremani, ati mwambo umayenda ndi nyimbo zake, ndipo besi aimba okha.

Mayo, Chijeremani! Chimafuna munthu amene munga wa nsomba wamuima pakhosi. Milungu ingapo holo ya parishi inkamveka ngati chipatala cha chifuwa. Mwana wanga, yemwe uja wolephera kuyankha "ndili bwino kaya inu", ndiye anagwira mawu onse tsiku loyamba, n'kumatikonza ife amayi ake. Koma chimene chinandidabwitsa ndi kayendedwe ka nyimboyo. Inkapita pang'onopang'ono, yozama, yokoka mtima, liwu lililonse lotalika ngati mzere wa kuchigayo.

"Agogo, imeneyi ndi ya tsiku lobadwa?"

"Ndi yachisangalalo kwambiri," anatero mosaseka. "Ikukamba za nkhalango ndi ubwenzi."

Ndinati mumtima, ngati Ajeremani akasangalala amaimba chonchi, pamaliro ndiye amatani? Mayi wina wa sopulano ananenadi kuti, "Koma anthu sadzayesa zovuta zimenezi?" Tonse tinaseka. Kwathu inde, kwaya ikaima pakhomo pa munthu m'mamawa n'kumaimba motsitsa, sufunsa, umangomanga chitenje. Koma ku Ongar, pakati pa anthu a ku Poland ndi a ku India, ndani angadziwe zimenezo? Tinaiwala aneba athu a fulati yam'mwamba kutsidya kwa bwalo, mayi wa ku Lusaka, namwino, munthu wa mtima wabwino ndi chala chofulumira pa foni.

Tsikulo linali Loweruka. Ndinatsanzika kuti ndikupita kuntchito, mwana n'kunena kuti akundiperekeza pa basi. Bulangeti linangoyankha kuti "mm". Kunja kunali kukungoyera, kukuzizira koopsa. Anzanga anali atabisala kuseri kwa mabini a zinyalala, onse m'majekete akuda monga analamulira agogo. Ine ndinamanga duku, n'kukulunga chitenje pamwamba pa jekete chifukwa cha mphepo. Agogo anatsika takisi atavala chikhoti chakuda chofika m'maondo, atanyamula maluwa oyera oti apatse mwini tsiku. Tinandanda pakhomo pathu. Kafoloko kanati ngwiii, dzanja la agogo linakwera, tinayamba.

Nyimbo yonse inatha katani osagwedezeka. Tinayambiranso. Mphepo inkandilowa m'maso, misozi n'kumatuluka, ine n'kumapukuta ndi nsonga ya chitenje.

Aneba aja anadzatifotokozera pambuyo pake zimene anaona pawindo, ndipo ine sindiwaweruza. Munthu wakhala akudwala miyezi yonseyi. Makatani otseka. Kwaya yavala zakuda ikuimba mokoka. Maluwa oyera. Mzungu wamtali wa chikhoti chakuda, wooneka ngati aja oyendetsa galimoto ya maliro. Ndiye mkazi wa m'nyumbamo wamanga duku akupukuta misozi. Inuyo mukanaganiza chiyani? Anayamba aimba foni kaye, kuwiri kapena kutatu, kenako anatsika masitepe.

Tinamva kulira kusanafike mwini wake.

"Mayo ine mayooo! Aneba batisiya! Ninaziba ine, ninaziba! Ma curtain yaja siyenze ya bwino!"

Anadutsa pakati pa magalimoto chitenje chili m'manja, n'kudzagwa pamapazi panga, n'kundigwira miyendo. Ndinayang'ana agogo. Dzanja lawo linali kupitabe m'mwamba ndi pansi, chifukwa nyimbo siidulidwa. Komanso nkhope yawo inali itawala. Ankagwedeza mutu monyadira, poganiza kuti nyimbo ya makolo awo yalasa mtima wa mayi wa ku Afirika mpaka kugwa pansi.

Ndikanatha kuwerama n'kuwanong'oneza anebawo kuti munthu ali moyo, akungogona. Mawu atatu okha akanakwana. Sindinatero, ndipo mpaka lero sindidandaula. Ndinayang'ana makatani aja, amene ndinawapempha miyezi yonseyi ndi mawu ofatsa, ndi mapemphero, ndi kukalipa komwe, osatseguka. Ndinati mumtima, lero amve zimene zikubwera akapitiriza. Ndinakweza alito yanga.

Anzanga a kwaya anali atazindikira. Kuseka sakanatha, kusiya sakanatha, ndiye ankaimba mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika, zimene kwa munthu woonera patali zinkangotsimikiza uthengawo. Posakhalitsa magalimoto anayamba kulowa pabwalo. A ku Clonsilla anafika poyamba, kenako a ku Lucan, mpaka ena a ku Coolock amene ankagwira ntchito ndi amuna anga. Amayi ankatsika atamanga kale zitenje, atanyamula majumbo a buledi, shuga, mkaka ndi masamba a tiyi, n'kukhala pansi pa simenti yonyowa m'mbali mwa khoma. Abambo anaima paokha chapatali, manja kumbuyo, akuyang'ana nsapato. Paja maliro n'kulirana.

Nyimbo ikatha, agogo asanamenyenso kafoloko, wina wa kwaya ankanong'oneza amene ali pafupi kuti ndi tsiku lobadwa chabe. Mukuganiza kuti wouzidwayo ankauza anzake? Ankangogwira pakamwa, n'kusunthira pamalo poonekera bwino, kudikira galimoto yotsatira. Amalawife seweru laulere sitiliononga. Anebawo okha ndiwo sankamva kanthu, chifukwa ankalira mokweza kuposa wonong'oneza aliyense.

Zam'nyumbamo ndinadzamva kwa eni ake. Akuti anadzuka pa vesi yoyamba, n'kuzindikira alito yanga nthawi yomweyo. Anadziwa kuti ndi chiwembu changa, anafunda bulangeti kumutu, n'kulumbira kuti satsegula ngakhale tiimbe mpaka Khirisimasi. Kenako anamva munthu akuwalira, akutchula ubwino wawo wonse, mpaka tsiku limene anamukonzera galimoto pa mvula. Anadzuka, n'kusuzumira pakampata ka katani. Anaona anthu onse amene ankawathawa miyezi yonseyi atakhala pansi pozizira chifukwa cha iwo. Anaonanso anzawo a ku Coolock aja, amene nawonso ntchito inawathera tsiku lomwelo, ataima poyera dzuwa likutuluka, osabisala.

Ali chiimire choncho, foni inalira. Inali ya kumudzi. Uthenga unali utachoka ku Ongar, kudutsa kwa mlamu wake wa winawake ku Lilongwe, n'kukafika kwa achemwali awo. Inalira, kusiya, kuliranso. Ulendo uno anaiyankha. Achemwaliwo ankayesa kuti ayankha ndine.

"Alamu! Alamu, n'zoona zimene tikumvazi? Achimwene anga ine!"

"Ndine, achemwali."

Akuti achemwaliwo anakuwa. Kenako mafunso onse a miyezi yonse ija pakamodzi: ngati muli moyo, bwanji simuyankha foni, mwadwala chiyani, talakwa chiyani ife?

"Sindikudwala," anatero amuna anga. "Ntchito inatha."

"Ntchito?"

"Eya. Kalekale."

"Ntchito basi? Achimwene, kuno anyamata aika kale masamba pamsewu, mipando tatulutsa m'nyumba, amayi tachita kuwagwira. Inu mukuti ntchito? Ntchito ndiyo tiziikira masamba pamsewu? Tayankhulani ndi mayi anu awa, amve okha!"

Zimene anakambirana ndi mayi awo sanandiuze, ndipo sindinafunse.

Kunjaku ife tinali pakati pa vesi, miyendo itauma, pamene tinamva kiyi akutembenuka. Chitseko chinatseguka. Anaima pamenepo m'zovala zogonera, jekete yantchito ija pamwamba, masilipasi kumapazi, ndevu zili nyankhalala, maso akuphethira chifukwa cha kuwala. Anebawo anakweza mutu, n'kukuwa kukuwa kwina kosiyana ndi koyamba kuja, n'kukwawa chafutambuyo mpaka kukagunda tayala la galimoto. Lamulo la ku Amereka linathera pomwepo. Sopulano inaduka, tena inaduka, inenso ndinaduka. Anatsala ndi agogo okha, akukoka besi yawo yokalamba, yonjenjemera, dzanja likupitabe m'mwamba ndi pansi mpaka anafika kumapeto kwa mzere.

Amuna anga anayang'ana amayi okhala pansi aja, anayang'ana abambo, maluwa, kenako ine. Ndinkadikira kuti akalipe kapena atsekenso chitseko. Anatsokomola.

"Ndani akuimba besi yoteroyo pamaliro anga?"

Anthu anaphulika. Amayi ena anagona chagada pa simenti pomwepo. Agogo anandikoka jekete kuti ndiwamasulire, ndipo ndinawamasulira theka lokha, la besilo, la maliro ndinasunga. Anawongoka, n'kuyang'ana amuna anga kuyambira kumasilipasi mpaka kundevu.

"Ndine," anatero. "Ngati mungaipose, malo ndi awa."

Anasuntha pang'ono ndi ndodo yawo, n'kusiya mpata kumbuyo kwa matena. Amuna anga anayang'ana mpatawo nthawi yaitali. Kenako anatsika sitepe ya pakhomo, n'kuyenda pa simenti yonyowa ndi masilipasi awo, n'kukaima pamenepo. Agogo anamenya kafoloko pa ndodo, n'kukafikitsa pa khutu la amuna anga.

Chijeremani sankadziwa ndi liwu limodzi lomwe. Koma nyimboyo anali ataimva kambirimbiri ali m'bulangeti, ndipo besi yeniyeni sifunsa mawu. Analowa pansi pathu ndi kung'ung'udza kokha, poyamba mosasa ngati chitseko cha dzimbiri, kenako mawu aja anatseguka. Ndinawamva m'mapazi. Tebulo lija linaima ndi miyendo yonse inayi, ndipo nyimbo imene milungu yonseyi inkandimvekera ngati ya maliro ndinaimva koyamba kuti ndi yachisangalalodi. Agogo anasiya kuimba, n'kumangoyendetsa dzanja.

Ine amene ndinkaseka anthu onse mumtima m'mawa wonsewo, ndi amene ndinalira zenizeni. Ndinalira mokweza, mamina ndi misozi, alito n'kumangotuluka zidutswa. Anebawo, atabwerera m'nzeru zawo, anadzandikumbatira n'kumandisisita pamsana akuti, "Limbani mtima, amai, limbani mtima," chifukwa mawu amene anatsika nawo masitepe anali omwewo, ena analibe.

Mwambo unati mwini nyumba alowetse oimba n'kuwapatsa chakumwa. Ndinaona amuna anga akuzengereza pakhomo, chifukwa ankadziwa mmene kabati yathu inalili masiku amenewo. Koma olira aja anali atabwera ndi majumbo awo, ndipo palibe Mmalawi amene angabwerere ndi shuga wa pamaliro kunyumba. Tinamwa tiyi wa mkaka ndi buledi wambirimbiri, ena m'makapu, ena m'matambula, ena m'mabotolo a jamu. Agogo anatulutsa m'thumba la chikhoti kabotolo ka kachasu wa kwawo n'kudonthezera abambo mu tiyi. Anandiitanira pambali n'kundiuza kuti pa moyo wawo wonse sanaonepo mwambowu ukulandiridwa chonchi, ndipo anafunsa ngati kwathu anthu amalira motere pa tsiku lobadwa la aliyense. Ndinati ayi, pokhapokha akakhala munthu wokondedwa kwambiri. Zoona zake ndinadzawauza Lolemba ndikuwaveka sokosi, ndipo anaseka mpaka ndinachita kuwamwetsa madzi.

M'nyumbamo ndinamva amuna anga akuuza abambo anzawo, ndi pakamwa pawo, kuti sankadwala, ntchito ndiyo inatha. Wina anati, "Aaa, inunso? Ine redundancy inandipeza March." Wina anati iye akungogwira ma shift awiri pa week. Anayamba kuwerengana ngati anthu ofananitsa zipsera. Ntchito siinapezeke mlungu umenewo, ngakhale mwezi umenewo. Inadzapezeka patapita nthawi ndithu, ndipo inali yochepera pa yoyamba ija.

Alendo atapita, chakumasana, ndinali kutsuka makapu. Ndinamva mphete za katani zikukhwekhwereza pa chitsulo, kuwala n'kulowa mpaka kukhitchini, n'kuonetsa fumbi lonse limene ndinkaganiza kuti kulibe. Sindinacheuke. Anabwera n'kuima pambali panga, n'kutenga kansalu kopukutira.

"Mayi," anatero.

"Ee, malemu."

Anapukuta kapu imodzi mpaka inauma kawiri.

"Pa vesi yomaliza paja munatsika."

"Ndinkalira amuna anga. Mukanafuna nditani?"

Anaika kapuyo m'kabati, n'kutenga ina.

"Ku holo kuja," anatero, osandiyang'ana, "likadali Lachiwiri lomwe lija?"